Mbiri ya Zobvala ndi Kudzikongoletsa ku Nchenachena

Nchenachena ndi dera la m'boma la Rumphi, m'tsinde mwa mapiri a Nyika chakum'mawa, pa mseu wochokera ku Njakwa kunka ku Livingstonia. Eni ake a mapiriwo ndiwo Aphoka, ndipo kumunsi kwao, m'chigwa cha mtsinje wa Rukuru, kuli Ahenga. Onsewa alankhula Chitumbuka. Mchewa akamva dzina la Nchenachena kawirikawiri amamwetulira, pakuti m'makutu mwake limveka ngati mau aja akuti kutchena, ndiko kubvala bwino kuti anthu acheuke. Dzinalo ndi la mtsinje wotsika m'mapiri, koma kumwetulirako kuli ndi phindu lake, popeza kukumbutsa nkhani imene mabuku a mbiri saikamba kawirikawiri, ndiyo ya zobvala.

Pa zaka monga 250 zapitazi kabvalidwe ka anthu a kumeneko kasintha kangapo, ndipo nthawi iri yonse panali mlendo amene anadza ndi muyeso wake wa chimene chiri chokongola: poyamba wamalonda, pambuyo pake wankhondo, kenaka mmishoni, bwana wa ku migodi, ndipo potsiriza boma. Mbiri imeneyi iyenera kudziwika kwa mphunzitsi, chifukwa tsiku ndi tsiku iye amaima pamaso pa ana amene ayamba kale kudziyesa okha ndi muyeso wa zobvala.

Masiku a chiwondo ndi chitsulo

Nsaru za kunja zisanafike, anthu a m'maiko ozungulira nyanja ankabvala zikopa zofufuta ndi chiwondo. Chiwondo ndicho khungwa la m'kati la mtengo, makamaka wa mombo kapena wa kachere. Munthu ankasenda khungwalo, nalibviika m'madzi, nalisansantha ndi kamtengo kogoba mpaka litafewa ndi kutambasuka. Nchito imeneyi inali yofuna kupirira, ndipo chobvalacho sichinali kukhalitsa, makamaka m'dziko la mvula ndi nkhungu monga la Aphoka.

Aphoka anatchuka ndi chitsulo. Ng'anjo zao zadothi, m'mene ankasungunulira miyala ya chitsulo, zina zikali kuoneka m'mapiri a Nyika kufikira lero. M'manja mwa amisiri osula munkatuluka makasu, nkhwangwa ndi mipeni, ndipo chitsulo chomwecho ndicho chinkapereka zigwinjiri za m'mikono ndi malezala ometera ndi otemera mphini. Thupi ankalidzoza mafuta a nsatsi kuti lisatuwe, tsitsi ankalimeta kapena kuliluka mosiyanasiyana, ndipo mphini zinkaonetsa mtundu wa munthu ndi msinkhu umene wafikapo.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchizindikira pa kudzikongoletsa kwa masiku amenewo, ndicho chakuti sikunali kutheka kwa munthu mmodzi payekha. Palibe amene akadadzitema mphini kumsana, kapena kudziluka bwino tsitsi la kunkhongo. Namwali wooneka bwino ankaonetsa kuti ali ndi amai, azakhali ndi anzake omsamala. Kukongola kwake kunali umboni wa abale ake. Komabe asayese wina kuti masiku amenewo analibe zowawa. Mphini zinkatemedwa popanda mankhwala oletsa ululu, zilonda zina zinkatukusira, ndipo mtsikana woopa lezala ankasekedwa ndi anzake monga m'mene asekedwera lero mwana wobvala chigamba. Matama ndi chitonzo sizinadze ndi sitolo ai, zinalipo kale.

Nsaru ya Mlowoka

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunafika amalonda ochokera kutsidya la nyanja chakum'mawa, amene anthu anawatcha Balowoka, ndiko kunena ooloka. Mtsogoleri wao akumbukika ndi dzina lakuti Mlowoka. Mbiri yake inalembedwa ndi Saulos Nyirenda, wophunzira wa ku Livingstonia, ndiponso ndi mmishoni T. Cullen Young m'buku lake la 1932. Akulu anasimba kuti pa nthawiyo njobvu zinali zambiri m'chigwa cha Henga ndi ku Nkhamanga, ndipo eni dziko sankawerengera minyanga, kotero kuti ina ankaikhalira ngati mipando. Mlowoka anadza ndi nsaru, mikanda ndi makasu, nasinthanitsa zimenezi ndi minyanga, imene inali ya mtengo wapatali kugombe la nyanja yamchere.

Iye sanadze ndi nkhondo. Anakwatira m'mabanja a eni dziko, ndipo akulu a midzi amene anapangana nao ubwenzi anawamanga nsaru kumutu ngati nduwira. Nsaru ya kumutuyo inasanduka chizindikiro cha ufumu. Mwa mbeu yake munatuluka Gonapamuhanya ndi mafumu a dzina la Chikulamayembe, amene mwambo wao wokumbukira makolo uchitikira ku Bolero. Wolemba mbiri wina, Leroy Vail, anatsutsa mu 1972 kuti ufumuwo sunali waukulu monga anaufotokozera Nyirenda ndi Young, nati mphamvu yake yeniyeni inali pa malonda. Ngati Vail ananena zoona, ndiye kuti nkhani ya nsaruyi ikula koposa, pakuti zioneka kuti chimene chinamanga mafumu pamodzi chinali chuma chobvala.

Apa ndipo panayambira chinthu chatsopano. Chiwondo munthu ali yense akadachipeza m'thengo ndi manja ake, koma nsaru inali kudzera m'dzanja la mlendo, ndipo mlendoyo ndiye ankadziwa mtengo wake weniweni wa nsaruyo ndi wa mnyanga womwe. Kuyambira pamenepo ulemu wooneka ndi maso unayamba kukhala chinthu chopatsidwa kapena chogula.

Makutu oboola

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana, ndipo mfumuyo itafera ku Mapupo cha m'ma 1848, gulu la M'mbelwa linadzakhazikika m'dziko la Atumbuka cha m'ma 1855. Ufumu wa Chikulamayembe unapasuka. Ahenga ambiri anagwidwa nakhala pansi pa Angoni, pamene Aphoka anakwera m'malo otsetsereka a Nyika, namanga timakumbi tobisika m'mbali mwa mapiri m'mene adani sakadafika msanga.

Angoni anali ndi muyeso waowao wa kukongola kwa mwamuna: nthenga kumutu, zikopa za nyama m'chiuno, chishango cha chikopa cha ng'ombe, ndi mkombero wa pamutu wotchedwa chidlodlo, umene unali wa amuna okhwima okha. Anthu amene anawagwira ankawaboola makutu monga mwa mwambo wa Chingoni, kuti ali yense woona adziwe kuti uyu ali ndi mwini. Chodabwitsa nchakuti chizindikiro chimene kwa atate chinali cha kugonja, kwa ana obadwira m'midzi ya Angoni chinasanduka chonyadira. Anyamata a Chihenga amene anakulira m'magulu a nkhondo anaphunzira kubvala ndi kumenya nkhondo Chingoni, ndipo pamene Ahenga anaukira ambuye ao cha m'ma 1879, motsogozedwa ndi Kanyoli, nathawira kumpoto ku dziko la Ankhonde, anapita ndi maonekedwe a anthu omwe anali kuwathawawo.

Nkhani imeneyi iphunzitsa kuti maso a munthu amatsata mphamvu. Chimene abvala wolamulira, pakapita mbadwo umodzi, chioneka chokongola ngakhale kwa olamulidwa, ndipo iwo sakumbukanso kuti kukonda kwaoko kunayamba ndi mantha.

Khondowe, Mandala ndi chipewa

Amishoni a ku Scotland anayamba nchito ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu yaikulu pa Khondowe, m'dziko la Aphoka, kumpoto kwa Nchenachena. Kumeneko kunkaphunzitsidwa aphunzitsi, alaliki, akalaliki, amisiri a matabwa ndi omanga nyumba. Pamodzi ndi mishoni panali kampani ya African Lakes, yoyambika mu 1878, imene anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir. M'zaka zoyamba anchito ankalandira malipiro ao m'nsaru, yoyesedwa ndi mikwamba. Nsaru yoyera ya merikani inatenga dzina lake ku America, kumene amalonda a ku Salem ankaitengera ku Zanzibar, ndipo kaniki, yakuda mobiriwira, inkachokera ku India. Motero mai wa ku Phoka womanga kaniki pachifuwa anali atalumikizidwa ndi maiko amene sanawamvepo ndi dzina lomwe.

Amishoni anagwirizanitsa kubvala ndi Chikristu ndi ukhondo, ndipo mphini ndi zokongoletsa zina zamakolo zinayamba kuyesedwa za anthu osaphunzira. M'midzi yambiri munthu woyamba kuoneka masiku onse ndi malaya ochapa ndi kabudula kapena buluku anali mphunzitsi. Ana ankaphunzira kwa iye zinthu ziwiri nthawi imodzi, zilembo za pa sileti ndi maonekedwe a munthu wolemekezeka, ndipo sikunali kwapafupi kwa iwo kulekanitsa ziwirizi.

Koma amene anabvala monga anaphunzitsidwira anakomana ndi chodabwitsa china. Azungu ambiri a m'boma ndi a m'minda sanakondwere kuona munthu wakuda atabvala suti, nsapato ndi chipewa. Ankamuyesa wodzikuza, ndipo ankafuna kuti abvule chipewacho akakomana ndi Mzungu pa njira. Kum'mwera, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, John Chilembwe ankalimbikitsa anthu ake kubvala mwaudongo, ndipo mkazi wake Ida ankaphunzitsa amai kusoka. Pambuyo pa kuukira kwa mu January 1915, pamene boma linaika bungwe lofufuza zifukwa zake, nkhani ya chipewa inali imodzi ya madandaulo amene mboni zachikuda zinatchula. Kwa anthu amenewo chipewa sichinali matama. Chinali njira yonenera, popanda kutsegula pakamwa, kuti iwonso ndi anthu aakulu msinkhu, oyenera kupatsidwa moni wobwezera.

Machona ndi malipenga

Msonkho wa nyumba utakhazikika, ndipo kumpoto kulibe minda yaikulu kapena mafakitale olemba anthu ambiri, amuna anayamba ulendo wa kutali: ku Salisbury ndi Bulawayo, ku Johannesburg, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi Katanga, ndi ku migodi ya golidi ya Lupa ku Tanganyika. Komiti ya boma ya mu 1935 inayerekeza kuti anthu a Nyasaland okhala kunja anali pafupifupi 120,000, ndipo maboma a kumpoto ndiwo anachepekedwa amuna koposa.

Wobwera ku ulendo ankayesedwa ndi bokosi lake. Mudzi unkasonkhana kuona zotulukamo: bulangete la apongozi, nsaru ndi duku la mkazi, jekete, chipewa, nsapato, ndipo kwa amene zinamuyendera bwino, njinga kapena makina osokera a Singer. Makinawo anali chuma chenicheni, pakuti anapatsa mwini wake nchito ya utelala pakhonde la sitolo kwa moyo wake wonse. Koma bokosi lomwelo linali ndi mbali yake yowawa. Munthu amene anadwala, kapena kuberedwa, kapena kumwaza ndarama zake m'tauni, ankachita manyazi kubwera chimanjamanja. Ankati adikire chaka chimodzi kuti apezeko kanthu, chaka chinkabala chinzake, mpaka dzina lake linalowa m'gulu la machona. Akazi ambiri anakalamba akudikira amuna amene chinawatsekereza sichinali mtunda kapena mtsinje, koma kuopa maso a mudzi.

M'zaka zomwezo munabadwa chinthu chokondweretsa. Nkhondo ya 1914 inafika ku Karonga mu September chaka chomwecho, ndipo amuna ambiri a kumpoto anatengedwa kukhala asilikari kapena amtengatenga. Itatha nkhondo kunafala gule wa malipenga, wotsanzira perete wa asilikari, ndipo abvinidwa m'maboma a Nkhata Bay, Karonga ndi Rumphi. Obvina abvala malaya ndi akabudula oyera, masokosi aatali ndi nsapato, naimba ndi zikho zouma m'malo mwa malipenga achitsulo. Gulu liri lonse litchedwa boma, ndipo liri ndi mfumu yake, akapitao ake ndi dokotala wake woyang'ana ukhondo. Mudzi upikisana ndi mudzi pa kuyera kwa zobvala ndi kulongosoka kwa mapazi. Anthu amene anasenza katundu wa nkhondo ya eni, ambiri a iwo ali ndi nsanza, anatenga yunifolomu ya owalamulira naisandutsa chosewera chao. Pamenepa kutchena kunabwerera ku chikhalidwe chake chakale, pakuti m'malipenga munthu sakongola yekha: mmodzi akadetsa malaya, boma lonse lagwa.

Lamulo, mafuta ndi kaunjika

Dziko litalandira ufulu mu 1964, fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inayamba kuomba nsaru m'dziko momwe muno, ndipo chitenje chinafika m'mudzi uli wonse. Ku mapiri a Phoka ndarama za khofi zinathandiza mabanja ena kugula zobvala popanda mwamuna kupita ku migodi. Koma boma nalonso linafuna kugwira muyeso. Mu 1973, pa ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda, kunakhazikitsidwa lamulo la Decency in Dress Act, loletsa akazi kubvala mabuluku ndi masiketi osaphimba maondo, ndipo amuna analetsedwa kusunga tsitsi lalitali. Malamulowo anagwira nchito zaka 20, nachotsedwa mu 1993, chaka chimene anthu anasankha ndale za zipani zambiri. Chimene kale chinali nkhani ya azakhali ndi anamkungwi chinakhala kwa nthawi imeneyo nkhani ya apolisi.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 munafalanso mafuta oyeretsa khungu, ndipo otchuka koposa anali Ambi. Awa anasiyana ndi zonse zam'mbuyo, chifukwa nduwira, chipewa ndi suti zinali kuonjezera pa thupi, koma mafutawa anali kuuza munthu kuti thupi lenilenilo ndilo lolakwika. Mankhwala a hydroquinone, akadzoledwa nthawi yaitali, amasiya zigamba zakuda zosachoka, ndipo mafuta okhala ndi mercury amaononga impso. South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwu suyenera chinthu china koposa botolo lotere.

Potsiriza panadza kaunjika, zobvala zakale zochokera ku Ulaya, America ndi maiko ena, zogulitsidwa pa mulu m'misika. Kaunjika anachepetsa usiwa kuposa china chiri chonse m'mbiri imeneyi, pakuti mwana wa mlimi wosauka atha tsopano kupeza juzi la mphepo ya ku Nyika pa mtengo wochepa. Koma anachepetsanso nchito ya atelala ndi ya mafakitale a nsaru, ndipo muyeso wa chokongola unapitirira kuchokera kutali.

Chimene mphunzitsi atolapo

Wowerenga mbiri yonseyi aona kuti kufuna kuoneka bwino si tchimo, ndiponso si chinthu chachilendo. Namwali wa mphini, mfumu ya nduwira, mphunzitsi wa chipewa ndi mnyamata wa malipenga onse anali kunena chinthu chimodzi, chakuti ali ndi malo pakati pa anthu. Kusiyana kwa kudzilemekeza ndi kudzitama sikuli pa mtengo wa chobvala. Wodzilemekeza achapa ndi kusoka chimene ali nacho, ndipo akachibvula akhala munthu yemweyo. Wodzitama abvala kuti mnzake achepe, ndipo tsiku limene bokosi liri lopanda kanthu aopa ngakhale kubwera kwao. Mboni za mu 1915 zinali za mtundu woyamba. Mantha amene anasunga machona kunja anabadwa ndi mtundu wachiwiri, ndipo mlandu wake unali wa mudzi woseka pamodzi ndi wa munthu wosekedwayo.

Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale ndiye wolowa m'malo mwa aphunzitsi aja a ku Khondowe, ndipo ana amuyang'ana monga anayang'anira iwo. Ayenera kubvala mwaudongo, chifukwa nchito yake njolemekezeka. Koma adziwe kuti muyeso uli m'dzanja lake. Pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, boma linanenanso kuti yunifolomu isakhale yokakamiza, ndipo ana pafupifupi 1 miliyoni anaonjezeka m'sukulu. Ichi chisonyeza kuchuluka kwa ana amene ndarama ndi usiwa zinali kuwasunga kunyumba. Mphunzitsi amene aika ana obvala bwino kutsogolo, kapena atuma iwo okha kukalandira alendo, kapena aseka pamodzi ndi kalasi pamene kabudula wa mwana wang'ambika, aphunzitsa phunziro limene silinalembedwe pa bolodi, ndipo ana aligwira msanga kuposa masamu. Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo. Nchito ya mphunzitsi ndiyo kupeza nyimbo ya mwana ali yense, kaya ndi kuwerenga, kaya kulima, kaya kuthamanga, ndi kuitchula pamaso pa anzake.

Mbiri imeneyi ingathenso kulowa m'kalasi mosabvuta. Mphunzitsi atume ana kukafunsa agogo ao chimene anabvala pa tsiku la ukwati wao, amene anachigula, kumene anachigula, ndi nchito imene anagwira kuti achipeze. Mau a zobvala ndi zokongoletsa zakale alembedwe m'chinenero cha anawo, Chitumbuka kapena Chichewa, asanaiwalike. Ngati m'mudzi muli nkhalamba yodziwa kusansantha chiwondo, iitanidwe kusukulu ndi khungwa lake. Mwana amene wagwira chiwondo ndi manja ake, namva kuti agogo a agogo ake anaweruza mirandu ndi kusula makasu atabvala chomwecho, adzayang'ana chigamba cha pa malaya ake ndi maso ena.